Encoder inati imalandira p010, nanga yakaniranji?

## Mizere iwiri pa log

Tengani kompyuta yokhala ndi khadi la zithunzi (GPU) la NVIDIA lotchedwa GeForce GTX 970, lomwe linatuluka mu 2014. Paikidwa pulogalamu yojambula kanema, ndipo mkati mwake pulogalamuyo imadalira FFmpeg, library yopanikiza ndi kumasula makanema. Isanagwire ntchito iliyonse imayamba yafunsa kaye encoder, mbali yopanikiza zithunzi kukhala kanema wa mtundu wa HEVC pa khadilo: iwe hevc_nvenc, umalandira ma pixel format ati (njira zosanjira ma pixel a chithunzi mu memory)? Yankho limabwera lalitali ndithu: yuv420p, nv12, p010le, yuv444p ndi ena. Mutha kudzionera nokha polemba `ffmpeg -h encoder=hevc_nvenc`.

Pulogalamu ija yaona p010le, format ya 10-bit, pamndandanda, ndiye yayatsa batani la 10-bit pa menyu yake. Mwini kompyuta wadina, wayamba kujambula, koma palibe chatuluka. Pa log pangotsala mizere iwiri: "10 bit encode not supported", kenako "No capable devices found".

Chomwe chimaimitsa mutu apa n'chakuti palibe amene wanama. Mndandanda uja ukunena zimene khodi ya FFmpeg imadziwa kupereka kwa driver ya NVIDIA. Unalembedwa kale, tsiku lomwe FFmpeg inkamangidwa, pa kompyuta ya munthu wina amene khadi ili sanalionepo. Khadilo ndi la m'badwo wa Maxwell: HEVC limaitha, koma ya 8-bit yokha. HEVC ya 10-bit inayamba ndi Pascal, makadi a GTX 10 a mu 2016.

Zili ngati lesitilanti ya pa depoti yomwe inalemba ndi penti pakhoma kuti chambo, nkhuku ya lokolo, nyama ya mbuzi. Khomalo likunena zimene mayi ophika amadziwa kuphika. Zimene zili m'poto lero ndi nkhani ina, ndipo muzimva mukakhala kale pansi mutasamba m'manja.

Aliyense wolemba API (njira yomwe mapulogalamu amalankhulirana) yofunsira ma format a encoder ayenera kuyamba ndi funso ili: kodi ndikuwerengera anthu za pakhoma, kapena za m'poto?

## Liwu limodzi, mafunso atatu

Liwu loti "supported" limabisa mafunso atatu osiyana. Loyamba: kodi khodi yathu imaidziwa format imeneyi? Lachiwiri: kodi makina awa, ndi driver iyi, angaithe? Lachitatu: kodi angaithe panopa, pamodzi ndi zina zonse zimene ndapempha, pomwe mapulogalamu ena akugwiritsanso ntchito khadi lomwelo?

Yankho la funso loyamba silisintha mpaka mutamanganso library. Lachiwiri limasintha munthu akasintha khadi kapena driver. Lachitatu limatha kusintha pakati pa masekondi awiri, chifukwa makadi a GeForce ali ndi malire a kuchuluka kwa ma session a NVENC (encoder ya m'khadimo) otsegulidwa nthawi imodzi, ndipo pulogalamu ina itha kutenga malo omaliza inu mukadali kufunsa.

API zambiri zimayankha funso loyamba, koma oziitana amamva ngati zayankha lachitatu. Ma bug ambiri a nkhaniyi amabadwira pampata umenewu.

## Mmene FFmpeg inavutikira nazo

Kwa zaka zambiri, FFmpeg inkayankha ndi mndandanda wokhazikika. Mu struct ya AVCodec munali pix_fmts, mzere wa ma format wothera pa AV_PIX_FMT_NONE. Wosavuta kuwerenga, wosadya memory, wosafuna kumasula chilichonse. Koma choonadi sichinkafuna kukhala m'bokosi limenelo.

Ming'alu inayamba kuoneka pa x264, library yopanga kanema wa mtundu wa H.264. Build 153 isanafike, library ya x264 inkamangidwa ya 8-bit kapena ya 10-bit, osati zonse pamodzi. FFmpeg sikanadziwiratu kuti ipeza iti pa kompyuta ya munthu, ndiye panabwera kanjira ka kumbali kotchedwa init_static_data: kafunction koyenda kamodzi poyambirira, kofunsa library, n'kusintha mndandanda "wokhazikika" uja. Kwa x265, inzake ya HEVC, n'chimodzimodzi: khodi imayesa x265_api_get ndi nambala 12, ikalephera iyesa 10, ikalephera ikhazikika pa 8. Zinkayenda, koma chinali chigamba.

Pa MJPEG, kanema yemwe frame iliyonse ndi chithunzi cha JPEG, chigamba sichinakwane. Kanema wamba amagwiritsa ntchito kuwala koyambira pa 16 kufika pa 235, pomwe JPEG imatenga mlingo wonse, 0 mpaka 255. Encoder ya MJPEG mu FFmpeg imafuna mlingo wonsewo, pokhapokha mutatsitsa strict_std_compliance kufika pa unofficial, yomwe ndi -1. Apa yankho silidalira codec yokha, likudalira zimene woitana waika mu context yake, struct yosunga zimene wasankhira encoder. Mndandanda umodzi wa anthu onse sungathe kunena zimenezo.

Njira yakale yozembera vutoli inali kupanga mayina ngati yuvj420p. Mu memory, yuvj420p ndi yuv420p n'chinthu chimodzi, byte ndi byte. Chilembo j chinangonyamula uthenga woti mlingo ndi wonse. Uthenga wa mtundu wina unabisidwa m'dzina la chinthu china, ndipo zotsatira zake ndi chenjezo lija aliyense wogwira FFmpeg analionapo kambirimbiri: "deprecated pixel format used, make sure you did set range correctly". Mukasokoneza mlingo, chakuda chimatuwa ngati chauve, kapena mithunzi yonse imamira mumdima.

Mu FFmpeg 7.1, ya mu 2024, munabwera avcodec_get_supported_config, ndipo pix_fmts ndi anzake analembedwa kuti ndi otha ntchito. Function iyi imalandira context, codec, ndi dzina la chomwe mukufunsa: pixel format, frame rate, sample rate, sample format, channel layout, color range kapena color space. Context mutha osaipereka, ndiye imayankha ngati zonse zili pa default. Mukafunsa MJPEG za color range ndi context wamba, imakupatsani mlingo wonse wokha. Mukafunsa ndi strict ili pa unofficial, imakupatsani yonse iwiri. Funso lomwelo, mayankho awiri, onse oona.

Ili ndi ka flags komwe pakali pano sikagwira ntchito, kamayenera kukhala 0. Ena amaona ngati kuwononga malo. Ine ndimakaona ngati nzeru: tsiku lofuna kuwonjezera khalidwe latsopano, simudzafunika kubala function ina yokhala ndi 2 kumapeto kwa dzina.

Koma pali msampha umodzi. Function ikayenda bwino n'kubweza NULL m'malo mwa mndandanda, tanthauzo lake n'lakuti zonse n'zololedwa. Wolemba khodi wothamanga amawerenga NULL ngati "palibe", n'kubisa encoder yabwinobwino. Kapena amayamba kuwerenga mndandanda womwe kulibe, pulogalamu n'kugwa. Ndikanakonda "zonse" ikanakhala ndi chizindikiro chakechake choonekera.

Ndipo onani kuti khadi lathu la GTX 970 silinathandizidwe. Mu 7.1, mndandanda wa NVENC sufunsa khadi, choncho p010le idakalipo. Function yatsopanoyi yakonza za context, koma za m'poto zimadziwikabe potsegula encoder ndi avcodec_open2.

## Mafunso ali ndi ndondomeko yake

API zomwe zili pafupi ndi hardware zinaphunzira msanga kuti sungafunse format usanatchule chomwe ukufuna kutulutsa.

Pa Linux, V4L2, API ya zipangizo za kanema, imachita motere ndi ma encoder a mtundu wa stateful. Mumaitana VIDIOC_ENUM_FMT pa mzere wa CAPTURE, kuyambira index 0, kuwonjezera imodziimodzi mpaka driver itabweza EINVAL. Apo mwapeza ma codec: H.264, HEVC, VP8, malinga ndi chip. Kenako mumaika codec imodzi pa CAPTURE ndi VIDIOC_S_FMT, ndipo pokhapo m'pamene mumafunsa mzere wa OUTPUT kuti ma format a zithunzi zosaphika ndi ati. Mukadumpha sitepe yapakatiyo, mumalandira yankho la codec yomwe inalipo kale, osati yanu. Mayinawo amasokonezanso obwera kumene: OUTPUT ndi kumene inu mumathirako zithunzi, CAPTURE ndi kumene mumatengako kanema wopanikizidwa.

Chofooka cha njira iyi n'chakuti kuti mufunse, muyenera kusintha kaye chipangizo. Funso labwino silisiya mapazi.

VA-API, API inanso ya pa Linux, imakwera makwerero: vaQueryConfigProfiles, kenako vaQueryConfigEntrypoints pa profile iliyonse, kenako vaGetConfigAttributes, kenako vaCreateConfig, ndipo pomaliza vaQuerySurfaceAttributes kuti mupeze ma format enieni ndi kukula kovomerezeka. Cholakwa chofala chili pa khwerero lachiwiri. Munthu amayendetsa vainfo, aona VAProfileHEVCMain10, n'kusangalala. Sanayang'ane kumanja kwa mzerewo. Ngati palembedwa VAEntrypointVLD yokha, chip imangotha kuwerenga kanema wotero. Kupanga kumafuna VAEntrypointEncSlice kapena VAEntrypointEncSliceLP.

Vulkan Video, yomwe mbali yake ya encode ya H.264 ndi H.265 (dzina lina la HEVC) inamalizidwa mu Disembala 2023, ndi imene ndimaiona kuti inalongosola bwino. Funso lililonse limanyamula VkVideoProfileInfoKHR, momwe muli codec ndi ntchito yake, chroma subsampling, ma bit a luma (kuwala) ndi ma bit a chroma (mtundu). Pofunsa ma format mumatchulanso ntchito ya chithunzicho: ngati ndi cholowa mu encoder, kapena chosungidwa mkati ngati reference. Ziwirizi zitha kukhala ndi mayankho osiyana pa khadi limodzi. Ikakana, imanenanso chifukwa: pali error ina ya ntchito yosatheka, ina ya format, ina ya mbali za codec. Khodi yake ndi yaitali mpaka kutopetsa, koma simutuluka mukungoganizira.

## Manambala amakokerana

Ngakhale mutadziwa codec ndi format, simunamalize. M'lifupi, msinkhu ndi liwiro la ma frame sizimayankhidwa chilichonse pachokha.

H.264 imawerenga chithunzi m'timabwalo ta 16x16 totchedwa macroblock. Chithunzi cha 1920x1080 sichigawika bwino ndi 16, ndiye mkati chimasungidwa ngati 1920x1088, mizere 8 yapansi n'kudulidwa poonetsa. Timabwalo timakhala 120 kuchulukitsa ndi 68, kutanthauza 8,160. Level 4.0, gulu limodzi la malire a H.264, imalola timabwalo 8,192 pa frame ndi 245,760 pa sekondi. Pa ma frame 30, mukufuna 244,800: mwalowa, koma mothinana. Pa ma frame 60 mwapyola kutali, mukufunika level 4.2.

Ndiye API ikanena kuti "m'lifupi mpaka 1920, msinkhu mpaka 1088, ma frame mpaka 60", mawu onse atatu atha kukhala oona pomwe 1080p60 ili yosatheka. Malire atatu olembedwa padera amapanga bokosi, koma zomwe chip imatha si bokosi.

Android inaliona vutoli. Mu VideoCapabilities muli areSizeAndRateSupported, yomwe imatenga manambala atatuwo pamodzi, komanso getWidthAlignment ndi getHeightAlignment. Inasiyanitsanso getSupportedFrameRatesFor, yonena malire a papepala, ndi getAchievableFrameRatesFor, yonena zimene opanga foni anayeza. Yachiwiriyi itha kubweza null ngati sanalengeze zoyezazo. Zambiri mwa izi zimachokera mu fayilo ya media_codecs.xml yomwe opanga chipangizo amalemba okha, choncho kulondola kwa yankho kumadalira kusamala kwa amene analemba fayiloyo.

Za alignment musazione ngati zazing'ono. Pa 4:2:0, ma pixel anayi amagawana chroma imodzi, ndiye m'lifupi ndi msinkhu ziyenera kugawika ndi 2. Wojambula windo la 1365x767 akumana ndi x264 ikunena kuti "width not divisible by 2", pomwe yuv420p ili pamndandanda bwinobwino.

## Kuwerengera anthu, kapena kuwayankha

Pali njira ziwiri zomangira API yotere. Ina imati "nazi zonse zomwe ndimatha". Ina imati "ndiuze chomwe ukufuna, ndikuuza ngati n'zotheka".

WebCodecs, API ya mu browser yomwe inafika mu Chrome 94 mu 2021, inasankha yachiwiri yokha. Mumapereka config yathunthu kwa VideoEncoder.isConfigSupported, ndipo imabweza supported, inde kapena ayi. Mndandanda kulibe, ndipo ubwino wina wa zimenezi ndi woti tsamba la pa intaneti silingotolera mosavuta zonse za hardware ya munthu n'kumuzindikira nazo.

Zinthu ziwiri mu kapangidwe kake n'zoyenera kubera. Choyamba, imasiyanitsa funso lolakwika ndi funso lomwe yankho lake ndi ayi. Config yopanda tanthauzo, monga m'lifupi 0, imabweretsa TypeError. Config yabwino yomwe makina sangaithe imangobweza supported ili false. Chachiwiri, imakubwezerani config yanu itachotsamo mbali zonse zomwe browser sikuzidziwa. Mukayerekeza chomwe munatumiza ndi chomwe chabwera, mumadziwa ngati "inde" ujayo anaganizira mbali yanu yatsopano kapena anangoilambalala. Popanda zimenezi, browser yakale ikanavomera zinthu zomwe sinamve n'komwe.

Msampha wake uli m'dzina la codec. Anthu amakopera avc1.42001E paliponse. Zilembo ziwiri zomaliza ndi level mu hex: 1E ndi 30, kutanthauza level 3.0, yomwe imalola timabwalo 1,620 basi. Chithunzi cha 1280x720 chili ndi 3,600. Mukufunika 1F, level 3.1. Wolemba amakanidwa n'kuganiza kuti browser ilibe H.264, chikhalirecho wadzimanga yekha ndi dzina.

Kufunsa kokha kuli ndi vuto lake: menyu simungaidzaze popanda kufunsa kambirimbiri. Library ya pa kompyuta, yomwe ilibe nkhawa za tsamba la pa intaneti, ipereke zonse ziwiri. Mndandanda ukhale wodzazira menyu, wolembedwa poyera kuti ndi wongoyerekeza. Funso la config yathunthu likhale loweruza.

## Dzina la format linene zonse

"YUV 4:2:0" si format, ndi banja. I420 ili ndi zigawo zitatu: Y (kuwala), U ndi V (mtundu). NV12 ili ndi ziwiri: Y, kenako U ndi V zolukana. NV21 ndi NV12 yomwe V imatsogola. Zonsezi pa 1920x1080 zimadya ma byte 3,110,400, choncho mukazisokoneza palibe chomwe chimagwa. Mukasokoneza NV12 ndi NV21, nkhope za anthu zimangosanduka zabuluu.

Pa 10-bit msampha ndi wobisika kwambiri. P010 ndi yuv420p10le zonse zimasunga nambala iliyonse m'ma bit 16, ma byte 6,220,800 pa frame. Koma P010 imaika ma bit 10 aja kumtunda, yuv420p10le kumunsi. Mukawerenga ina ngati inzake, kusiyana kwake ndi kuchulukitsa kapena kugawa ndi 64: chithunzi chimada bii, kapena chimasanduka zinyalala.

Android ili ndi COLOR_FormatYUV420Flexible, yomwe imanena mosabisa kuti kasanjidwe kenikeni mukadziwa mukalandira buffer. Muyenera kuwerenga rowStride ndi pixelStride pa chigawo chilichonse. Woganiza kuti stride, ma byte ochokera pa mzere umodzi kufika pa wotsatira, ndi yofanana ndi m'lifupi amatulutsa chithunzi chopendekeka, chodukaduka m'mizere, ndipo chimaoneka pa mafoni ena okha, omwe iye alibe.

Komanso yankho linene kumene chithunzi chikukhala. NV12 ya mu RAM ndi NV12 ya mu memory ya khadi zili ndi dzina limodzi, koma ina imafuna kukopera ma megabyte atatu pa frame iliyonse, ina ayi.

## Ndikanaimanga chonchi

Funso likhale struct imodzi yokhala ndi kukula kwake kapena version pa malo oyamba, kuti library yatsopano izindikire woitana wakale. Mkatimo mukhale chipangizo, codec, profile, ma bit, chroma, format yolowa, color range, m'lifupi, msinkhu ndi frame rate. Frame rate ikhale manambala awiri, 30000 ndi 1001, osati 29.97, chifukwa kuyerekeza ma float kudzakukanitsani zinthu zovomerezeka. Mbali iliyonse ikhale ndi njira yonenera kuti "sindinasankhe", ndipo njirayo isakhale 0 ngati 0 ali ndi tanthauzo lina.

Yankho lisakhale bool. Likhale ndi zinthu zitatu: inde, ayi, ndi "sizidziwika mpaka titatsegula". Yachitatuyi anthu amaiopa chifukwa imaoneka ngati kufooka, koma ndi imene ikanapulumutsa mwini GTX 970 uja. Pulogalamu ikanadziwa kuti iyese kaye isanayatse batani. Pa "ayi" pakhale nambala yonena mbali yomwe yakanitsa, kuti woitana adziwe chotsitsa: ma bit, kukula, kapena kusiya hardware n'kupita ku x264. Pa "inde" pakhale chizindikiro ngati library isintha format mwakachetechete. Kusintha RGB kupita ku NV12 pa CPU ndi "inde" amene amatenthetsa laputopu n'kumaliza batire.

Mndandanda ukhale wosanjidwa, chomwe encoder imakonda chikhale poyamba, ndipo zimenezi zilembedwe, chifukwa anthu adzatenga choyamba kaya mwawauza kapena ayi. Ngati mukutsata njira yoitana kawiri, koyamba kufunsa chiwerengero, kachiwiri kudzaza, kumbukirani kuti pakati pa maulendo awiriwo zinthu zitha kusintha. Vulkan ili ndi VK_INCOMPLETE yonenera kuti malo omwe munapereka sanakwane. Nenaninso mwini memory ya yankho ndi ndani, ndipo ikhala yamoyo mpaka liti.

Mtengo wa funso uonekere pa dzina kapena pa flag. Kuwerenga tebulo la mu khodi ndi kwaulere. Kufunsa NVENC zenizeni kumafuna kutsegula session ndi NvEncOpenEncodeSessionEx musanaitane NvEncGetInputFormats kapena NvEncGetEncodeCaps, ndipo pa laputopu ya makadi awiri zimenezi zimadzutsa khadi lomwe linali m'tulo. Function yooneka yopepuka yomwe imachita zimenezi mobisa idzaitanidwa pa thread ya UI, menyu n'kumauma.

Kuyesa kwenikweni, kotsegula encoder ndi kuipatsa ma frame angapo, kuchitikire mu process ina. OBS Studio, pulogalamu yojambula kanema, imayenda ndi timapulogalamu tapadera monga obs-amf-test ndi obs-nvenc-test tofufuzira hardware. Ubwino wake ndi woti driver ikagwa poyesa, chomwe chafa ndi kapulogalamuko, osati ntchito ya munthu. Ikani malire a nthawi, chifukwa driver ina siigwa, imangokhala chete. Yesani ndi kukula komwe mukufunadi, osati 16x16, popeza ma encoder a hardware ali ndi malire a kuchepa ndipo mungalandire "ayi" wabodza. Yesani mpaka packet yoyamba itatuluka, chifukwa kutsegula kutha kuyenda bwino vuto n'kudzaonekera pa frame yoyamba.

Zotsatira zisungeni, koma kiyi yake ikhale ndi ID ya khadi, version ya driver ndi version ya library yanu, kuti chimodzi chikasintha muyesenso. Ndipo "ayi" wobwera chifukwa ma session atha musamusunge. Mukamusunga, munthu amene anali ndi pulogalamu ina yojambula yotsegula tsiku loyamba adzakhala wopanda hardware encoding mpaka tsiku lomwe adzasinthe driver.